Magalasi a M'madzi

Lufeyo ndiye ananola sipoko ya njinga pa mwala,
namangirira mphira ya chubu ku kathabwa,
nati mfuti yathu ndi imeneyi.
Magalasi a m'madzi tinatola pa kaunjika ku Kasungu,
anga ong'aluka pakona.

Ndinene zoona: si njala inatitengera
ku damu la esiteti yakale ya fodya kuseri kwa Santhe.
Malipiro anali atalowa Lachisanu,
mwendo wa mbuzi uli m'furiji.
Tinkathawa dzuwa la Okutobala, basi,
tinkafuna kugunda kuja kwa m'makutu
munthu ukamira, mpweya uli m'chifuwa ngati ngongole
yoti ubweze posachedwa.

Panjira tinkadziguguda pamtima.
Ife si aja a neti ya udzudzu
okokolola ndi mazira omwe,
si aja a katupe oledzeretsa dziwe lonse.
Ife timasankha, anatero Lufeyo.
Diso limodzi, nsomba imodzi.

Pansi pajapo kuli zii.
Zitsa zimene zinamizidwa ndisanabadwe
zavala ndere mpaka m'khosi.
Mlamba unandiyang'ana, ndevu zili gwedegwede,
n'kudzikwirira m'matope.

Ndinasankhadi.
Anzake onse anabalalika, iyo ayi.
Inangoima pambali pa chitsa, nsomba ya makumba,
masaya ali tutumu.
Ndinati kunona.
Ndinasiya mphira.

Sipoko inalowa kumbuyo kwa mutu,
nsomba inayasama,
ndipo m'kamwa munatuluka utsi,
utsi wokhala ndi maso,
tiana tosakwana ndi njere ya mpunga,
mazanamazana.
Sitinathawe.
Tinazungulira kamodzi, n'kubwerera
kufuna khomo lomwe lija,
khomo limene ine ndinkalikokera kumwamba ndi chingwe.

Mpweya unanditsala pang'ono.
Sindinayang'anenso kumatope kunali mlamba kuja.

Kumtunda Lufeyo anali atatulutsa kale foni.
Kweza pang'ono, sekako, aise!
Ndinasekadi. Chithunzicho chilipo.

A Chidzanja, mlonda wa pampu,
amene mono wawo unali pa denga la kanyumba
kudikira kuti mvula iyambe,
anabwera mwakachetechete, nayitenga nsombayo,
natsegula kukamwa ndi chala chachikulu.
Munatsala titatu, tikuphiriphitha.
Anatsika nato mpaka m'maondo, natitsukuluzira m'madzi,
napukuta manja pa ovolosi.
Sanakalipe.
Anangofunsa, magalasi anuwo amaonetsa bwino?

Pobwerera Lufeyo analankhula njira yonse.
Nsomba ndi nsomba.
Ukanaisiya iwe, mawa ng'azi, mkuja katumbu.
Nanga mbuzi ya m'furiji ija inalibe mwana?
Ndiponso ndani anawerenga zimene neti imapha usiku umodzi?
Zonsezo n'zoona.
Koma neti ilibe maso, Lufeyo,
katupe sadziwa mayi.
Ine ndinaona masayawo,
ndinawaona bwinobwino, ngakhale galasi n'long'aluka,
ndinangowapatsa dzina lina.

Ndipo pali ina sindinamuuze,
ya Lamulungu lapitalo,
imene inaphonyoka ndi bala pamimba
n'kulowa pansi pa chitsa.
Imeneyo sinajambulidwe.

Tinaiwotcha madzulo, kuitaya kukanakhala kupha kawiri.
Mchere, kambuzi, ndimu.
Inakoma.
Chondisowetsa tulo n'chimenecho, inakoma.

Sipoko ili kuseri kwa chitseko, yayamba dzimbiri kunsonga.
Sindinaithyole.
Ndimakondabe bata la pansi paja,
kuwala kothyokathyoka pa ndere,
thupi kuiwala kulemera kwake.
Mwina ndingamire manja ali m'mbali,
kukangoona ngati titatu tija tinapeza pobisala,
ngakhale sindingatizindikire.

Lero ndi Loweruka.
Foni yalira: mawa naini koloko, ndanola ina.
Ndalemba yankho, ndafufuta.
Kunja mitambo ikusonkhana cha ku Mchinji,
ndipo ikagwa mvula madzi aja achita mbuu,
palibe adzaone kanthu mpaka chaka chamawa.